Mayi ali m'chikuta asamaiwalike

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi apongozi, agogo ndi abambo a kuno ku Mangochi, poti ndi inu mumatsala ndi mayi akatuluka m'chipatala. Nthungululu zikalira, ambiri amaona ngati zonse zatha. Chonsecho tsiku loyamba ndi sabata yoyamba, pamene mayi ali m'chikuta, ndi nthawi imene iye ndi khanda amakhala pangozi kwambiri.

Ndiyambe ndi magazi. Mayi akachira, chiberekero chimayenera kukungika, moti mukagwira cham'munsi mwa mchombo chizimveka cholimba ngati mpira. Chikafewa, kapena kachidutswa ka nsengwa kakatsalira m'kati, mitsempha imakhala yosatsekeka ndipo magazi amangotuluka. Nsalu ziwiri zikanyoweratu pasanathe mphindi 30, kapena mayi akamva chizungulire n'kumatuluka thukuta lozizira, musadikire kuche. Mayi akodze, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukungika. Mmodzi asisite pamimbapo mpaka palimbe, mwana aikidwe kubere, wina athamangire galimoto kapena njinga. Mutu waukulu, chidima m'maso, kukomoka, kutentha thupi ndi zotuluka zonunkha, zonsezi n'za kuchipatala tsiku lomwelo.

Pamenepa ndi pamene mtima umandipweteka. Abambo ambiri ali ku Joni kapena kunyanja, ndiye mayi akutaya magazi, anthu n'kumadikira foni kuti mwini wake alole. Bambo, siyiranitu mawu ndi ndalama ya ulendo mimba isanakwane miyezi 8. Amene ali kutali ngati ku Makanjira, kumene msewu umavuta mvula ikagwa, akadikirire ku chidikiro cha pachipatala nthawi ilipo.

Za mchombo wa mwana: musapakepo mwaye, phulusa, ndowe kapena madzi a masamba. Bala limeneli ndi khomo lolowera m'magazi a mwana, ndipo kafumbata amalowera pomwepo. Pakani mankhwala okhawo amene anamwino apereka, thewera limangidwe m'munsi kuti mchombo uziuma, ndipo osaukoka. Umagwa wokha, kawirikawiri pasanathe masabata awiri. Ukafiira m'mbali, ukatuluka mafinya kapena kununkha, pitani naye.

Khanda limazizidwa msanga, ngakhale kuno kotentha, makamaka mu Juni ndi Julayi kukamawomba mwera. Lisasambitsidwe maola 24 oyamba. Livale chipewa, ndipo ngati labadwa losakwana makilogalamu awiri ndi theka, likhale pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, lomangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Mayi akatopa, agogo kapena bambo alandire.

Mkaka woyamba wachikasu uja ena amaufinyira pansi ati ndi woipa. Ayi ndithu, ndi umene umateteza mwana ku matenda, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, popanda madzi, dawale kapena mankhwala azitsamba. Mayi akamva kuwawa nsonga za mabere, nthawi zambiri ndiye kuti mwana wangoluma nsonga yokha. Ayasamule kwambiri, mbali yakuda ilowe m'kamwa, chibwano chigunde bere. Mwana akakana kuyamwa, akafooka, akamapuma mwabefu, akatentha kapena kuzizira thupi, kapenanso akachita chikasu tsiku loyamba, musadikire kuti atuluke m'chikuta.

Mwambo wa chikuta ndi wabwino, umapatsa mayi mpumulo. Koma usatseke njira ya kuchipatala. Tsiku limene anamwino alemba m'buku kuti mayi ndi mwana akaonedwe pakatha sabata lisaphonyedwe, mchombo ugwe usagwe. Abwererenso pa masabata 6, pamene mwana amayamba katemera wotsatira ndipo mayi amasankha njira yolera. Onse awiri azigona mu neti kuyambira usiku woyamba, chifukwa malungo kuno kunyanja sayang'ana msinkhu.

Mzamba wopuma pantchito,
Mangochi