Chotupa si khansa nthawi zonse, tiziwafotokozera amayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ife amayi timangonong'onezana pa mzere wotunga madzi ku kiyosiki.

Mng'ono wanga wakhala akuvutika ndi msambo kuyambira ali Fomu 2, ululu wake woti amagubuduka pa mphasa atakumbatira botolo la madzi otentha pa chinena, kusanza, kusukulu osapita masiku atatu mwezi ulionse. Azakhali amati mkazi amapirira, ukadzabereka zidzatha. Ena amati ndi mwanamphepo mpaka anamumwetsa zitsamba zowawa zija, palibe chinasintha. Chaka chatha anakajambulitsa sikani ku kachipatala kena kolipira kuno ku Lilongwe, wojambulayo anangoti "muli ndi chotupa pa thumba la mazira", kumupatsa pepala, wotsatira alowe. Basi. Mtsikana anandiimbira ali mu minibasi akulira, eti achemwali ndili ndi khansa. Sabata yathunthu nsima sinalowe.

Dokotala wa amayi yemwe tinamuona pambuyo pake ndi amene anakhala nafe pansi, kujambula chiberekero pa kapepala ndi bolopeni. Akuti chotupa chotere, pa Chingerezi amati cyst, ndi kathumba ka madzi, ndipo tambiri timabwera chifukwa choti mwezi ulionse dzira limakhwima n'kutuluka, ndiye timaphwa tokha pakapita miyezi iwiri kapena itatu, n'chifukwa chake amakuuza kuti ubwerenso tidzajambule osati kuthamangira opareshoni. Ka mng'ono wanga kanali kosiyana, kodzaza magazi akale okuda, madokotala amati chocolate cyst, ndipo kamabwera ndi matenda a endometriosis. Apa tinyama tofanana ndi tam'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake, pa mathumba a mazira, nthawi zina mpaka pa matumbo, ndiye mkazi akamasamba nato timatupa n'kutulutsa magazi koma magaziwo alibe kotulukira. Ululu uja gwero lake n'limenelo. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati mwa amayi 10 a msinkhu wobereka mmodzi ali nawo, tangoganizani pa msonkhano wa mvano kapena banki m'khonde ndi angati. Ena amamva kuwawa akakhala malo amodzi ndi abambo, ena mimba imavuta kutenga, kenako apongozi ayambe kuyankhula zawozawo.

Anamuyezanso magazi aja amati CA-125, omwe amayeza akamakayikira khansa ya mathumba a mazira, ndipo anali okwera, ine mtima unagunda. Koma dokotala anati amakwera ndi endometriosis, ngakhale ndi msambo womwe, paokha sangakuuze kuti ndi khansa.

Sindikuti tizitayirira ayi. Khansa ya khomo la chiberekero ikutha amayi m'dziko muno, kuyezetsa kwa viniga kuja m'zipatala za boma ndi kwaulere, ndipo katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansayi, wa atsikana a zaka 9 anayamba mu 2019, ana athu azibayitsa. Kungoti ambiri timaganiza kuti akatiyeza viniga ndiye kuti aona zonse, chonsecho viniga amaona pa khomo pokha, mathumba a mazira sawaona. Mayi woti anasiya kusamba akayamba kuona magazi, kapena mimba kumangofufuma, kudya pang'ono wakhuta kale, ameneyo asadikire mpaka akolole. Ndipo ululu wadzidzidzi mbali imodzi ya chinena pamodzi ndi kusanza, nthawi zina ndi chotupa choti chapotokola thumba la mazira, zimenezo ndi za usiku womwewo, pezani galimoto muthamangire ku chipatala cha Kamuzu Central.

Pempho langa kwa ojambula sikani ndi anamwino, tikudziwa mizere ndi yaitali koma mawu oti chotupa musamangowaponya. Mphindi zisanu zokha, muuzeni munthu kuti n'chamtundu wanji ndipo achite chiyani.

Mng'ono wanga pano akumwa mapilitsi olera omwe anamulembera kuti ululu uchepe, sikani ina ndi mwezi wa mawa. Nsima wayambiranso kudya, mitanda iwiri.

Mayi wa ku Area 25,
Lilongwe