Za chipsera cha paphazi langa chija

Mphwanga,

Amayi ako andiimbira foni usiku wathawu mawu akunjenjemera, akuti anakupeza utagwada kuseri kwa mpando ukufuna kulowetsa msomali mu soketi, eti umafuna uone kumene magetsi amachokera. Nde ndati ndikulembere ndekha, pomwe pakuvute akuwerengere iwowo.

Paja unandifunsa za chipsera chili paphazi langa lamanzere ine nkukuuza kuti inandiluma ng'ona? Linali bodza lija kkkk. Ndili Sitandade 3, ine ndi anzanga awiri tinatulukira kuti jumbo ikamayaka kunsonga kwa ndodo imadontha timadontho tamoto tolira vyuu, vyuu ngati tindege, nde ife tinkati tikuponya mabomba pa mdzodzo kuseri kwa khitchini, khitchini yake yofolera ndi udzu, mwezi wake Okutobala udzu utauma kuti gwaa, nzeru zinali kuti kaya. Dontho limodzi linatera paphazi panga, nsapato ndinalibe. Pulasitiki yosungunuka si ili ngati khala loti ungalisanse ligwe ayi, imakakamira pakhungu nkumangokuotcha pomwepo. Ndinakuwa mudzi onse unamva, ndodo ndinangoiponya osaona kolowera ikuyakabe, nkukagwera m'tsinde mwa mpanda wa udzu. Amayi akowo ndi amene anathamanga ndi ndowa ya madzi a kumjigo nkuthira, pakanapanda iwo bwenzi titagona panja tsiku limenelo. Uwafunse, amaikonda nkhaniyi chifukwa imawatchukitsa.

Agogo ako aakazi anandipaka mankhwala otsukira mano, amayi ena apafupi nkumati ayi thirani dzira laliwisi. Onsewo ankandifunira zabwino koma bala linatukusira, ndinakhala masiku ambiri ndikutsimphina, mpira ndikungoonerera. Iweyo ukapsa usapake kanthu, thamanga ukauze wamkulu, malo opsawo aziwathira madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osati ayezi, ndipo bala likakhala lalikulu kapena latuluka matuza mupite kuchipatala. Osabisa poopa kukalipiridwa wamva?

Zina ndinachita nzambiri. Wailesi ya agogo ako aamuna ndinaimasula ndi mpeni kufuna kuona tianthu ta pa MBC timene timayankhula mkatimo, ndinangopezamo timawaya ndi mphemvu imodzi yonenepa, wailesi sinayankhulenso, ine nde amene ndinayankhula madzulo ake atabwera kudimba.

Choncho sindikukwiyira ayi, mtima wofuna kuona zamkati mwa zinthuwo watengera malume ako. Koma soketi yokha ayi mphwanga. Batire la mu tochi lili ndi mphamvu ya magetsi ya mavolti 1.5 basi, mu soketi ya pakhoma muli 230. Msomali ndi chitsulo, magetsi amadutsamo mosavuta nkulowa m'dzanja lako, minofu imakungika zala nkufumbata moti umalephera kusiya chomwe wagwiracho, ndipo akadutsa pachifuwa mtima ukhoza kuima. Ngakhale ESCOM itazimitsa usakhudze, amabwera osaodira. Ine moto unandisiyira chipsera choti ndizinamizira ng'ona, magetsi sapereka mwayi umenewo nthawi zambiri, nchifukwa chake amayi ako analira.

Ndikubwera pa Khirisimasi. Ndili ndi wailesi yakufa yoyendera mabatire ndakusungira, tidzaimasula tonse pamkeka ndi sikuludiraiva yeniyeni uone chilichonse chili mkatimo, kenako tidzayatsa kababu ka tochi ndi batire limodzi ndi kawaya. Upemphenso amayi ako soda wophikira therere pang'ono ndi mandimu atatu, tidzathira m'botolo nkuvala baluni pakamwa pake, uone likufufuma lokha popanda wopuziramo. Limachita thovu ngati Fanta wokhutchumula, uvale malaya akale.

Msomali uja ukabwezere atate ako lero lomwe, ndidzawafunsa.

Ndine malume ako