Makampani a ndege musamatibisire za katundu wosowa

A Mkonzi,

Ndidandauleko za makampani a ndegewa. Mchemwali wanga ndi ana ake popita kunja ndege yoyamba inachedwa, yachiwiri n'kuwasiya, ana kugona pa mipando ya pa eyapoti, kufika uko sutikesi yomwe munali mankhwala a mwana osaoneka. Wa pakauntala amangoti dikirani mayi, basi.

Chikundiwawa n'choti palibe anawauza kuti pangano la Montreal la 1999, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko pa za maulendo a ndege, limati katundu akapanda kufika pakatha masiku 21 kampani ilipire ngati watayika, ndipo ngakhale angochedwa utha kuitanitsa ndalama zomwe wagulira zovala zosinthira. Koma fomu yonena za katundu wosowayo lembetsani musanatuluke pa eyapoti, malisiti ndi kastika ka sutikesi kaja osataya ayi. Mankhwala nawo aziyenda m'chikwama cha m'manja chonde.

Ine wowerenga wanu.