Lipoti la nthumwi: chifukwa chake uthenga wa worm umangobwerabwera

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la eni malo otayipira ndi kusindikizira zikalata,

Munatituma ku msonkhano wa amisiri a makompyuta ndi funso limodzi: bwanji antivirus imati yachotsa worm (vayirasi yomwe imadzifalitsa yokha), mawa lake uthenga womwewo n'kutulukanso? Yankho n'lakuti imachotsa fayilo yomwe yaiona, gwero lake n'kutsala. Ndiye uthengawo ukatuluka, tsegulani Windows Security, pitani pa Protection history, mulembe dzina la worm ndi malo amene yapezeka. Malowo ndiwo amaulula gwero.

Akayamba ndi E: kapena F:, nthawi zambiri nkhani ili pa fulashi, ndipo ili ndiye vuto lathu lalikulu poti fulashi za makasitomala zimalowa m'makina athu tsiku lonse. Worm ziwiri zofala kudzera pa fulashi, Jenxcus ndi Gamarue, zimabisa mafayilo enieni n'kuikapo shortcut, kafayilo kongolozera kwina. Munthu akadina, zinthu zake zimatsegukadi, koma worm nayo yadzuka. Jenxcus imayenda kudzera mu wscript.exe, pulogalamu ya Windows yoyendetsa mafayilo a .vbs ndi .js, imadzikopera mu foda ya %Temp% kapena ya %AppData%, n'kudzilembetsa kuti izidzuka kompyuta ikangoyaka. Mukayeretsa fulashi yokha, kompyuta imaipatsiranso. Mukayeretsa kompyuta yokha, fulashi imabwezera.

Amisiriwo anatsindika kuti ndondomeko isadumphidwe. Yambani mwapanga update ya antivirus, bandulo yake musaumire. Kenako zulani fulashi zonse ndi chingwe cha netiweki, muzimitse Wi-Fi. Mu Task Manager imitsani wscript.exe. Tsegulani Autoruns, pulogalamu yaulere ya Microsoft Sysinternals yomwe mukhale mwaitsitsiratu musanazule netiweki, muone pa Logon ndi pa Scheduled Tasks, mufufute mzere woloza ku fayilo ya .vbs kapena .js ya m'mafoda awiri aja. Malizani ndi Microsoft Defender Offline scan. Imatenga mphindi pafupifupi 15 ndipo imasaka Windows isanadzuke, nthawi yomwe worm singathe kudzibisa.

Zikatha izi m'pamene mulowetse fulashi, imodziimodzi, osadina kalikonse mkatimo. Mu Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashiyo. Zobisika zija zidzaonekera. Fufutani mafayilo a .lnk (ma shortcut aja), .vbs ndi autorun.inf. Ngati inali Gamarue, katundu wa kasitomala mudzamupeza mu foda yooneka ngati ilibe dzina, choncho musathamangire kupanga format musanamukopere pena.

Malo akakhala C:\System Volume Information, musatekeseke kwambiri. Worm yatsalira mu restore point yakale (kope lomwe Windows imasunga kuti muthe kubwezera kompyuta momwe inalili), momwe antivirus nthawi zambiri imalephera kufufutamo. Pa System Protection dinani Configure, kenako Delete, mupange restore point yatsopano.

Mamembala omwe makompyuta awo ndi olumikizana amvetsetse za worm ina yotchedwa Conficker. Inatuluka mu Novembala 2008, imalowera pa khomo la netiweki lotchedwa port 445 m'makina omwe alibe chigamba (update ya chitetezo ya Microsoft) cha MS08-067, chomwe nambala yake ndi KB958644, ndiponso imayesa kulota mapasiwedi ofooka a Administrator. Apa kompyuta yomwe ikuchenjezayo kawirikawiri ndi yabwinobwino, ikungokana zomwe ina ikuiponyera. Yodwalayo nthawi zambiri imakhala ya Windows XP ija mumaisungira printa yakale, ndipo mudzaizindikira chifukwa imakana kutsegula masamba a Microsoft ndi a makampani a antivirus. Ichotseni pa netiweki.

Pa kuika antivirus ziwiri m'kompyuta imodzi onse anakana: zimalimbana zokha, makina n'kumayenda pang'onopang'ono. Pomwe anasiyana maganizo ndi pa kuyeretsa kapena kuikamo Windows mwatsopano. Ife tili kumbali ya oika mwatsopano ngati worm yake ndi Gamarue, chifukwa imakoka mavayirasi ena pa intaneti, ena mwa iwo oba mapasiwedi. Mapasiwedi a imelo ndi a banki asinthidwe pa kompyuta ina yopanda vuto.

Tikupempha komiti ikambirane zinthu ziwiri pa msonkhano ukubwerawu. Choyamba, membala aliyense apatule kompyuta imodzi yolandirira fulashi za makasitomala, yosalumikizidwa ku zinzake, yogwiritsa akaunti ya Standard osati ya Administrator. Chachiwiri, tilembe mndandanda wa makina omwe adakali pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Januwale 2020, ndi pa Windows 10, yomwe thandizo lake la masiku onse linatha pa 14 Okutobala 2025, kuti tione omwe angakwezedwe ku Windows yatsopano ndi omwe ayenera kuchoka pa intaneti.

Ndife nthumwi zanu.