Za sitima ya m'mawa ija

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kupatula mwendo wa amayi ako umene ukuvutabe kukazizira. Mlongo wako wandionetsa kavidiyo kamene unamutumizira pa WhatsApp, ka sitima imene umakwera m'mawa kuchokera ku Naledi, ku Soweto, kupita ku Park Station, siteshoni yaikulu ya ku Johannesburg. Iye amaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona pamene unaima: pakhomo penipeni, dzanja limodzi pa chitsulo, lina lili ndi foni.

Ndikudziwa kuti siwe wekha. Boma la tsankho linaika Soweto kutali ndi kumene kuli ntchito, ndiye mpaka lero anthu onsewo amadzuka nthawi imodzi, kulowera mbali imodzi, n'kubwereranso limodzi madzulo. Kuonjezera apo, mu 2020, nthawi ya Covid, akuba anazula mawaya ndi kuphwasula masiteshoni ambiri a Metrorail, amene amayendetsa sitima zimenezi, ndipo njanji zina zinakhala nthawi yaitali zisakuyenda. Sitima zikachepa, anthu sachepa nawo. Ndiye ikangotulukira, aliyense amaiona ngati yomaliza.

Koma si yomaliza, mwana wanga. Ikabwera yodzaza, isiye ipite. Fulumira anadya gaga. Ukamadikira, ima kumbuyo, kutali ndi m'mphepete mwa pulatifomu, poti amene amakankha ali kumbuyo ndipo saona kuti kutsogolo kuli mpata pakati pa bogi ndi simenti, mpata wokwana mwendo wa munthu. Ukalowa, pita m'kati ndithu ngakhale mukhale mothithikana, thukuta la mnzako likukudonthera. Thukuta limachapika. Zoima pakati pa mabogi, kapena zokwera padenga monga amachitira anyamata ena kumeneko, sindifuna n'komwe kuzimva. Waya wa pamwambapo umanyamula magetsi okwana ma volts 3,000, pomwe athu a m'nyumba, amene amakugwedeza ukagwira ayironi yowonongeka, ndi 230 okha.

Amalume ako, amene anakhalako kumeneko, akuti sitima zatsopano za buluu zija siziyenda chitseko chisanatsekeke. Zimenezo n'zabwino, ndipo ukaona wina akuchitchinga ndi phazi kuti mnzake alowe, iwe usathandize nawo. Akutinso chikwama uzichinyamulira kutsogolo, pachifuwa. Foni ndi pasipoti usaziike m'thumba la kumbuyo. Foni ungagule ina, koma pasipoti ikapita ukhala miyezi ukuyenda mwamantha ngati wakuba.

Tsono pali nkhani imene ndafuna kwenikweni kukuuza. Ndikudziwa chifukwa chake sukwera takisi, maminibasi a kumenekowo. Sitima ndi yotchipa, ndipo zimene ukupulumutsazo ndi zomwe umatitumizira pakutha pa mwezi. Tikuthokoza, feteleza wa chaka chino tagula ndi zimenezo. Koma tsiku limene waona kuti sitima zachedwa ndipo pulatifomu yadzaza mpaka pamasitepe, tuluka ukakwere takisi, ndalamayo uchotse pa zathu. Sitidzakufunsa. Mwezi umenewo tidzadya za m'munda. Iwe ukudziwa bwino mmene Amalawi kumeneko amavutikira kusonkha ndalama zobweretsera maliro kuno, ndipo unasonkhako nawo. Ine sindikufuna dzina lako liyende pa gulu la WhatsApp lotero.

Akuntchito kwako uwauze zoona. Bwana amene amakhala ku Johannesburg sangadabwe kumva kuti sitima yachedwa. Uwapemphe ngati ungamayambe molawirira n'kuweruka molawirira, kuti uzikwera anthu asanachuluke. Akakana, wakana ndi iyeyo, koma kupempha si mlandu. Ndipo nthawi yachisanu, pamene kumada msanga, uziyenda ndi anzako kuchokera pa siteshoni.

Amayi ako akuti ndikufunse ngati jekete lija ukuvala. Apongozi athu ndi mdzukulu uwapatse moni. Ukaimba Lamulungu, undiuze kuti bwanayo wayankha zotani.

Ndine,
Bambo ako