Zithunzi za mwana wanu ku South Bend

Amwali,

Muli bwanji kumeneko, alamu ndi ana? Kuno ku Indiana tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Okutobala uno masamba a mitengo afiira ena achita chikasu, ndiye kulikonse ku mapaki mungoona ana a giredi 12 atatchena, wojambula ali pambuyo. Mwana wanu uja naye ndi senior tsopano, chaka chomaliza ku high school, tingoti fomu 4 yakuno, ndipo nkhani yomwe yavuta m'nyumba muno ndi ya zithunzi.

Zimakhala mitundu iwiri. Choyamba ndi cha mu yearbook, buku lomwe sukulu imasindikiza kumapeto kwa chaka muli nkhope za ana onse. Chimenecho anajambulitsa mu Ogasiti, kampani yomwe sukulu inagwirizana nayo imabwera ndi zovala zake, atsikana amawafunditsa kansalu kakuda m'mapewa kotchedwa drape, anyamata jekete la tuxedo ndi katayi kake, koma ndi kumtunda kokha, kumunsiku mwana ali mu jinzi chifukwa chithunzi chimathera pachifuwa. Mwana wa dokotala ndi wa ine wogwira ntchito usiku amaoneka chimodzimodzi, ndipo zimenezo zinandisangalatsa.

Chachiwiri ndiye chodya ndalama. Banja limadzipezera lokha wojambula, mumapita panja madzulo dzuwa litapendeka kuti kuwala kukhale kofewa, mwana amasintha zovala kangapo ndipo amanyamula chomwe amakonda, wina mpira, wina gitala, ena mpaka galu. Mumalipira kaye kujambulako, kenako zithunzizo mumagulanso padera kaya zotsuka kaya za pa kompyuta, zonse pamodzi madola mazana angapo. Bambo ake amati foni ilipo bwanji osangomujambula tokha, koma ine ndinakana. Mukukumbuka wojambula uja ankabwera pa njinga kusukulu kwathu? Timadikira masabata, pobwera n'kutiuza kuti zina zapsa. Cha fomu 4 chomwe tinaima awiri chija ndi chokhacho chomwe ndili nacho cha utsikana wanga, ndipo mwanayu amachiyang'ana kwambiri, amafunsa kuti tinkaseka chani. Chaka chamawa apita ku koleji, nkhope yaumwanayi sidzabweranso, ndikufuna nayenso adzakhale ndi choonetsa ana ake.

Chomwe chinanditengera nthawi ndi kupeza munthu wodziwa kujambula khungu lakuda. Si onse amatha amwali. Akamuimika mwana kumbuyo kuli thambo lowala nkhope imada osaoneka maso, ndiye ena pofuna kukonza amaiwalitsa pa kompyuta mpaka mwana kutuwa, osakhalanso iye. Ndinafufuza pa Instagram kuyang'ana ngati pa ntchito zawo pali ana akuda, amene analibe ndimangodutsa. Mayi amene tapeza amagwiritsa ntchito chimbale chobwezera kuwala kumaso, ndipo ndamuuziratu kuti ziphuphu achotse ngati mwiniwake akufuna, koma mtundu wa khungu asaukhudze, ndi kampata ka m'mano kaja anatengera agogo ake akasiye momwemo. Mwanayu wakulira pakati pa azungu, panali zaka zina samafuna n'komwe kujambulidwa, ndiye pano akamadzisankhira yekha malaya n'kumadziyang'ana pa galasi mtima wanga umadzaza.

Tsono pempho langa ndi ili. Graduation kuno imachitika kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, sipakhala mayeso amodzi ngati MSCE, akakwanitsa maphunziro ake basi amavala gauni ndi chipewa chafulati chija, kachingwe kolendewera kamayambira kumanja ndipo akalandira dipuloma onse amakasunthira kumanzere. Gauni ikafika tidzajambulanso zina, zimenezo ndi zomwe amaika pa makadi otumiza kwa achibale. Ana ambiri akuda amakoleka m'khosi kansalu ka kente ka ku Ghana, koma mwana wanu wanena yekha kuti iye akufuna ka chitenje chakwathu, ine sindinamuuze. Ndikafunsa kusukulu ngati amalola pa mwambo weniweniwo, akakana adzavalabe pa zithunzi ndi pa phwando.

Chonde mukapita ku Limbe mukandisankhire chitenje chabwino chosasuluka, mamita 4 kuti patsale ya diresi, mtundu wobiriwira kapena wofiira ndiwo umamukhala. Munditumizire kaye zithunzi pa WhatsApp asankhe yekha. Ndalama nditumiza pa Airtel Money mwezi ukatha, ndipo pali mayi wina wakutchalitchi akubwera kumeneko pa Khirisimasi, ndi amene adzatenge.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti khadi lawo lidzakhala loyamba kutumizidwa.

Ndine mnzanu wa kalekale.