Asatibweretsere Bluesky asanatiuze kumene kwapita manambala athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa zimene zagwera alimi a nshawa ndi soya kuno ku Chipata, nkhani imene yamveka kale pa Saturday Market ndi ku Kapata konse. Seva (kompyuta yosungira zinthu) ya malo ochezera a pa intaneti otchedwa Mastodon, imene tinalembetsedwapo pa msonkhano wa bungwe lina lochokera ku Lusaka, yazima. Yazima popanda chenjezo, m'nyengo yogulitsa mbewu, pamene mlimi amafuna kumva mtengo wa ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi asanakweze matumba pa galimoto. Mukatsegula foni, kabwalo kaja kangozungulirazungulira basi. Mnyamata amene ankaiyendetsa akuti anapeza ntchito kwina, ndalama yolipirira kompyuta yosungira zinthu zathu inatha, ndipo foni yake siyankhidwa. A bungwe aja ali zii. Ogula amene tinadziwana nawo pamenepo, zithunzi za mbewu, mapangano a mitengo, zonse zapita. Tsopano ma briefcase, ogula mbewu oyendayenda aja, akugula pamtengo umene akufuna, chifukwa mlimi alibenso poyerekezera.

Chimene chikundiwawa koposa ndi bodza limodzi limene a bungwe aja analibwereza tsiku lonse la msonkhano, lakuti Mastodon ilibe mwini. Amayi anawomba m'manja. Ine ndinawombanso. Koma anthu amene anaphunzira za makompyuta, amene analandira alawansi kuti atiphunzitse, ankadziwa bwino kuti akunena theka chabe la choonadi.

Mastodon ndi pulogalamu imene Eugen Rochko wa ku Germany anaiyamba mu 2016. Aliyense angathe kuitenga mwaulere n'kuiika pa kompyuta yake, ndipo kompyuta imeneyo ndiyo seva. Maseva otere alipo zikwizikwi, ndipo amalankhulana kudzera m'njira yotchedwa ActivityPub, kotero munthu wa pa seva ina amawerenga ndi kuyankha wa pa seva inanso. N'zoona kuti palibe munthu mmodzi amene ali mwini wa zonsezo, monga mmene Elon Musk anagulira Twitter yonse mu 2022 ndi madola 44 biliyoni n'kuisintha dzina. Koma seva iliyonse payokha ili ndi mwini wake. Zili ngati midzi yathu: umacheza ndi a mudzi uliwonse, koma malo amene wamangapo nyumba anakupatsa ndi mfumu imodzi. Mwini seva ndiye amalipira, ndiye amaika malamulo, ndiye amathamangitsa munthu, ndiye angatsekenso njira yopita ku seva ina. Akatopa kapena ndalama zikamuthera, nonse mwagona panja. Kodi mawu amenewa anali ovuta bwanji kuwanena m'Chinyanja? Msonkhano wonse unali m'Chingerezi, zithunzi zikuthamanga pakhoma, ife tikungogwedeza mitu.

Anatiuzanso kuti ukatopa ndi seva ina umangosamuka. Inde, kusamuka kulipo. Koma kuti anthu okutsatira asamuke nawe, uyenera kulowa mu akaunti yakale n'kuilozera ku yatsopano, kutanthauza kuti seva yakale iyenera kukhala ikugwirabe ntchito. Ngakhale zitayenda bwino, zimene unalemba kale sizisamuka, zimatsala komweko. Nanga ife tisamuka bwanji pa seva yakufa? Mu Mastodon muli malo otsitsira mndandanda wa anthu amene umawatsatira kuti uusunge pa foni yako. Palibe amene anationetsa. Nthawi inalipo yojambula zithunzi za gulu, titanyamula mafoni m'mwamba, kuti akaonetse owapatsa ndalama. Nthawi yotionetsa batani limodzi limenelo inasowa.

Ndiye pali pangano limene eni maseva odalirika amalonjeza asanaikidwe pa mndandanda wa joinmastodon.org. Amalonjeza kusunga kope la zinthu zonse tsiku lililonse, kukhala ndi munthu wachiwiri amene angalowe mu seva pakagwa zadzidzidzi, kuthana ndi anthu atsankho, ndi kuchenjeza anthu miyezi itatu asanatseke. Miyezi itatu! Tikanakhala ndi miyezi itatu, bwenzi aliyense atasamuka ndi ogula ake, nshawa zikadali m'munda. Aphunzitsi athu sanalidziwe pangano limeneli? Ngati sanalidziwe, anabwera kudzaphunzitsa chiyani? Ngati ankalidziwa, anatiikiranji pa seva ya mnyamata mmodzi wopanda womuthandiza?

Mnyamatayo sindimuda kwambiri. Anamusenzetsa katundu wa anthu mazana popanda malipiro, iwo n'kukwera galimoto kubwerera ku Lusaka.

Koma pali china choopsa. Polembetsa mayina a ogulitsira pamodzi, amayi ambiri anatumiza manambala a NRC (chitupa cha dziko) ndi a mobile money m'mauthenga apadera, poganiza kuti ndi achinsinsi. Mauthenga apadera a pa Mastodon sabisidwa kwa mwini seva, akafuna angathe kuwawerenga. Lero manambala amenewo ali kuti? Afufutidwa, kapena ali pa kompyuta ina kunja kwa dziko? Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, limene limapereka udindo kwa aliyense wosonkhanitsa ndi kusunga mbiri za anthu. Ndikupempha a ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndi a Unduna wa Technology and Science aone nkhani imeneyi. Lamulo lisamangogwira ntchito ku Lusaka kokha. Mayi wa ku Mchini kapena ku Navutika naye nambala yake ndi chuma chake, ndipo akuba a pafoni aja otumiza mauthenga abodza sagona.

Musandimve molakwa, a Mkonzi, sindikunena kuti tibwerere kukadalira kampani imodzi. Tonse tikukumbukira pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, pamene WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'dziko muno, mpaka a Chapter One Foundation anapita kukhoti ndipo khoti linalamula kuti zitsegulidwe. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Malo ochezera amene ali pa maseva ambiri sagwa onse nthawi imodzi chotero, ndipo nchifukwa chake ndinavomera kulowamo ndi mtima wonse. Chinthucho n'chabwino. Chaipa ndi kuchipereka kwa anthu mwachinyengo.

Ndipo vuto si la msonkhano umodzi wokha. Kuno kummawa takhala malo oyeserapo zinthu. Chaka chino akubweretsera pulogalamu ya mitengo ya mbewu, chaka chamawa ya nyengo, china ya ngongole, iliyonse ndi malaya ake olembedwa kumsana, ndipo ndalama za owathandiza zikatha, pulogalamu nayo yatha. Palibe amene amafunsa ngati mlimi angakwanitse bando. Mabando otchipa aja amene ambirife timagula ndi a malo ochezera akuluakulu okha, ukafuna kutsegula seva ina uyenera kugula bando ya intaneti yonse, imene ili yodula. Wonjezanipo kuzimazima kwa malaiti kumene tinakuona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, foni yotchajitsa pa kantemba, ndi netiweki yokwerera pachulu. Za zimenezi pa msonkhano sipanamveke liwu.

Tsopano tamva kuti anthu omwewo akukonza zobweranso, ulendo uno ndi Bluesky, malo enanso ochezera a pa intaneti. Bluesky inatsegulidwa kwa anthu onse mu Febuluwale 2024, imayendera njira yakeyake yotchedwa AT Protocol, ndipo siilankhulana mwachindunji ndi Mastodon. Ambiri mwa amene ali pamenepo maakaunti awo amakhala pa makompyuta a kampani ya Bluesky yomweyo. Akabwera atiuze zimenezi poyamba, ndipo asanatsegule pakamwa pa china chilichonse atiuze kumene kuli manambala a amayi aja.

Kwa alimi anzanga: musanalembetse paliponse, funsani kuti mwini seva ndani, amalipira ndani, ndipo akadwala wachiwiri wake ndani. Manambala a ogula lembaninso m'buku. NRC musaitumize pamenepo. Kwa akuluakulu: ku Chipata kuli makoleji, kuli khonsolo, kuli mawailesi amene alimi amawakhulupirira. Mmodzi wa iwo ayendetse seva ya chigawo chino, ya anthu awiri kapena atatu oisamala, malamulo ake olembedwa m'Chinyanja. Timasonkha kale za chilimba mwezi ndi mwezi, za seva sitingalephere kusonkha, bola tidziwe amene akulandira ndalamayo ndi khomo la ofesi yake.

Ine wanu,
Mlembi wa kopaletivi ya alimi,
Chipata